Tinti wakuda pa mawindo onse a nyumba ku Dedza? Tadikirani kaye achemwali

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Dedza boma. Akuti: "Ndangomaliza kanyumba kanga, kali kufupi ndi msewu moti anthu odutsa amaona mpaka pabalaza. Mnyamata wina womata tinti pa magalimoto wati andimatira wakuda uja wa 5 mawindo onse, akuti mnyumba muzizizira bwino, anthu sadzaonanso mkati ndipo akuba sangaswe galasi. Mawindo anga ndi achitsulo aja ogwira galasi ndi putty, kubafa ndi kukhitchini kuli ma louvre. Ndili ndi ana awiri ang'onoang'ono. Ndimatitse?"

Achemwali, mwachita bwino kufunsa ndalama isanatuluke, ambiri amatipeza atamata kale nyumba yonse nde funso limakhala loti tichotsa bwanji. Ine yankho langa ndi loti ayi, wa 5 ameneyo musamatitse nyumba yonse, ndipo kunena zoona pa nyumba ya ku Dedza sindikuona windo olo limodzi lofunika tinti wakuda chonchi. Sindikuti mnyamatayo akufuna kukuberani, mwina pa galimoto ntchito yake ndi yooneka, kungoti galasi la galimoto ndi galasi la nyumba ndi zinthu zosiyana kwambiri ndipo zomwe wakulonjezanizo zambiri tinti wakeyo sangachite.

Tinti ndi kapulasitiki kopyapyala ka polyester, mbali imodzi kali ndi guluu, timamata mkati mwa galasi osati kunja. Si zachilendo ayi, kampani ya 3M ku America inatenga patent yake mu 1966, nde zinthuzi zayesedwa mokwanira ndipo zimadziwika zomwe zimatha ndi zomwe sizitha. Manambala mumamva aja, 5, 20, 35, 50, 70, amanena za kuwala komwe kumadutsa kulowa mkati, pa bokosi amalemba VLT. Wa 35 ndiye kuti pa 100 paliponse kuwala kolowa ndi 35. Nde wa 5 mwamva kale, kuwala 95 kwatsala panja, mnyumba mwangolowa 5 basi. Pa galimoto munthu amapirira poti wakhalamo ola limodzi ndipo galasi lakutsogolo ndi loyera, koma nyumba mumakhalamo tsiku lonse, ana amalemberamo homuweki, inu mumasankhiramo nyemba.

Tsopano nkhani yoti mnyumba muzizizira. Achemwali, ku Dedza mukufunanso kuzizira kwina? Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndi tawuni yokwera kuposa matawuni ena onse muno m'Malawi, ndipo inuyo mukudziwa kuposa ine mmene Juni ndi Julaye amakhalira, nkhungu kutsika m'phiri mamawa mpaka 9 koloko dzuwa osaoneka, madzi a mu ndowa ngati achokera mu fuliji, anthu kuvala majuzi awiriawiri masana. Miyezi imeneyo dzuwa lolowa pa windo ndi chuma, ndi lomwe limafunditsa simenti ya pansi ndi makoma kuti usiku nyumba isazizire kwambiri, komanso limaumitsa chinyontho, makamaka nyumba yatsopano ngati yanu yoti pulasitala sanaumitsitse. Mukalitsekera kunja mudzaona nsapato zikuchita chuku kuseri kwa bedi, zovala mu wadilopu kumveka kafungo, ana kumangokhosomola, nde mudzayamba kulowetsa mbaula mnyumba, pomwe makala mnyumba yotseka mawindo amapha anthu ali mtulo, izi si zoseweretsa. Komanso tinti wamba sasunga kutentha mkati usiku, iye ntchito yake ndi kuchepetsa dzuwa lolowa basi. Onjezerani kuti mdimawo uzikuyatsitsani mababu 2 koloko masana, mayunitsi kumapita, ndipo tsiku lomwe magetsi azima muzikhala mumdima dzuwa lili pamutu.

Mukanandiuza kuti nyumbayo ili ku Golomoti, ku Mtakataka kapena kuchigwa cha Bwanje ku Ntcheu bwenzi tikuyankhula zina, kumeneko mu Okutobala munthu umasowa pokhala ndipo tinti wabwino amathandizadi. Koma Dedza boma, Bembeke, Lizulu, Tsangano, vuto lalikulu ndi mphepo osati kutentha. Ndipo olo kotentha komweko, kutentha kwambiri kwa mnyumba zathu kumatsika kuchokera ku malata, nde munthu amene alibe siling'i ndimamuuza kuti ayambe wayika siling'i, ndalama ya tinti idikire.

Dzuwa lathu muzilionetsetsa mmene limayendera. Ife tili kummwera kwa equator, nde nthawi yozizira dzuwa limapendekera kumpoto, mawindo oyang'ana kumpoto ndi amene amalandira dzuwa lofunda lija mu Juni, amenewo asiyeni oyera. Nthawi yotentha dzuwa masana limakhala pamutu penipeni, likumenya malata, pa windo silifika kwenikweni ngati denga linatulukako pang'ono. Windo lovuta ndi lakumadzulo, kuyambira cha m'ma 2 koloko mpaka kulowa kwa dzuwa mu Seputembala, Okutobala ndi Novembala, dzuwa limalowa chopingasa mpaka pa sofa, pa TV osaoneka kanthu. Ngati pali windo loyenera tinti pa nyumba yanu ndi limenelo, ndipo wa 35 kapena 50 akwana.

Apa ndinene chinthu chomwe anthu ambiri sakhulupirira mpaka ataona okha: kuda kwa tinti si kumene kumatchinga kutentha. Pafupifupi theka la mphamvu ya dzuwa ndi infrared, yomwe maso saona koma khungu limamva. Tinti wotchipa wa pa minibasi uja ndi wongonyika mu utoto, amamwa kutentha nkukusunga mu galasi momwemo, kenako galasi lija limatentha nkumatulutsira kwina mnyumba. Utotowo ukapsa ndi dzuwa ndi uja mumaona wasanduka pepo, matuza thoo ngati wapsa ndi moto. Pali wachitsulo, wonyezimira uja, ameneyo amabweza kutentha kunja ndipo amagwiradi ntchito, koma amatha kufooketsa netiweki ya foni ngati kwanuko ndi yovuta kale. Nde pali wa ceramic, wodula kuposa onse, amene amatha kukhala woyera ndithu wa 70 koma nkumatchinga kutentha kuposa wakuda wotchipa, ndipo sasuluka msanga. Pogula musafunse kuti ndi wakuda bwanji, funsani nambala yolembedwa TSER, imeneyo ndiyo imanena kutentha konse komwe tinti akubweza. Wogulitsa akayamba kukanda mmutu dziwani kuti katunduyo alibe pepala. Za UV, cheza cha dzuwa chosaoneka ndi maso chomwe chimasulutsa nsalu, ma tinti abwino ochokera ku makampani ngati 3M, LLumar kapena Solar Gard amatchinga mpaka 99 peresenti olo akhale oyera mbee, nde ngati nkhawa yanu ndi masofa ndi makatani kusuluka simukufunika wakuda. Kusuluka sikutheratu poti kuwala ndi kutentha nazonso zimasulutsa nsalu, koma kumachedwa kwambiri.

Tibwere pa vuto lanu lenileni, anthu a mumsewu kumakuonerani mnyumba, ili ndikulimvetsa ndipo ndi losowetsa mtendere, munthu sungamadye nsima anthu akuwerenga mbamu. Tinti wakuda kapena wonyezimira amabisa pokhapokha kunja kukuwala kuposa mkati. Masana zimayenda bwino, wodutsa amangodziona yekha pa galasi. Koma dzuwa likalowa inu nkuyatsa babu zinthu zimatembenuka, wa panja amakuonani bwinobwino, TV ili apa, foni ili pa chaja apo, chikwama mwaika pampando, pomwe inu mukayang'ana pa windo mukungoona nkhope yanu, munthu ataima mita imodzi kuseri kwa galasi simungamuone. Izi zimandidetsa nkhawa kwambiri chifukwa anthu akamata tinti amasiya kutseka makatani poganiza kuti abisika, amayi kumasintha zovala kuchipinda babu ili chiyakire. Yesani nokha madzulo ano, pezani galimoto ya tinti, wina alowe ayatse kababu ka mkati kapena tochi ya foni, inu muime panja. Mukaona zimenezo simudzafunanso wina wokuuzani.

Chomwe ndingakulangizeni pa mawindo oyang'ana kumsewu ndi pepala la frosted, loyera mwa mbuu lija mumaliona m'mabanki ndi m'zipatala. Limeneli limabisa usana ndi usiku omwe, kuwala kochuluka kumalowabe, ndipo silitenthetsa galasi. Simukuyenera kumata windo lonse, matani kuyambira pansi kulekeza pamwamba pang'ono pa mutu wa munthu woima panja, magalasi a pamwamba asiyeni kuti muzionako kumwamba ndi phiri. Mawindo achitsulo ngati anuwo amakhala ndi timagalasi tating'onoting'ono nde nzosavuta, mizere iwiri yapansi frosted, wapamwamba woyera. Usiku munthu akayandikira kwambiri galasi chithunzithunzi chake chimaoneka, nde kuchipinda katani likhalepobe. Leisi ija amayi athu amaika kuseri kwa katani nayonso masana imabisa bwino zedi, musainyoze.

Pali ngozi ina imene anyamata a magalimoto ambiri saidziwa poti kwawoko sichitika. Magalasi a m'mbali mwa galimoto ndi tempered, anawotchedwa mwapadera ku fakitale, amapirira kutentha ndipo akasweka amangoyoyoka timibulu. Galasi la nyumba lomwe timagula mu hadiweya, la mamilimita 3 kapena 4, ndi galasi wamba. Mukalimata tinti wakuda womwa kutentha, pakati pa galasi pamatentha msanga dzuwa likangomenya pomwe m'mphepete mobisika mu putty ndi chitsulo mukadali mozizira, pakati pakufuna kufutukuka m'mphepete mukukana, nde galasi limang'aluka lokha popanda woligenda, chimodzimodzi tambula yagalasi yozizira mukathiramo tiyi wowira. Mng'alu wake umadziwika, umayambira m'mphepete molunjika kenako nkumakhotakhota kulowa pakati. Ku Dedza izi nzosavuta kuchitika chifukwa usiku kumazizira kwambiri kenako dzuwa lakumapiri likatuluka limabwera ndi mphamvu, makamaka windo loti theka lili padzuwa theka pamthunzi wa khonde. Komanso magalasi athu ambiri amadulidwa pamanja pa sayiti, m'mphepete mumakhala tobenthukabenthuka, mng'alu umayambira pamenepo. Ngati galasi lina munagula lakuda kale, la bronze kapena la grey lija, pamenepo nde musawonjezerepo tinti wakuda nkomwe.

Za akuba ndiyankhula mosabisa chifukwa apa pali moyo wa anthu. Tinti wa galimoto saletsa wakuba, ndi wopyapyala kwambiri, mwala umodzi galasi lapita. Lilipo pepala lina lopangidwira chitetezo, limakhala loyera ngati palibepo kanthu koma lokhuthala, amaliyeza mu ma mil. La 4 mil ndi 0.1 ya milimita, la 8 mil ndi 0.2, pomwe tinti wamba amakhala cha m'ma 1.5 kapena 2 mil. Limeneli galasi likamenyedwa limaswekabe koma zidutswa zimakhala zomatirira pa pepala, nde wakuba amayenera kumenya kambirimbiri, phokoso kumveka, agalu kuuwa, inu kupeza mpata wokuwa kapena kuimba foni. Ntchito yake ndi kuchedwetsa basi. Ndipo pa mawindo a putty pali chinanso, putty amakhala kunja ndipo akauma amagamphuka ndi kampeni chabe, munthu nkuchotsa galasi lonse lathunthu mwakachetechete pepala lanu lodula lili pomwepo. Kuti pepala la chitetezo ligwire ntchito pamafunika kulimangirira ku felemu ndi silikoni wolimba kuzungulira konse. Ma louvre nde osanena, munthu amangopinda kachitsulo nkusolola galasi limodzilimodzi. Nde ndalama ya chitetezo ipite kaye ku mabagala owotcherera bwino, chitseko cholimba, loko wabwino ndi babu ya panja. Poika mabagala musiye windo limodzi la kuchipinda loti bagala lake limatseguka ndi kiyi kuchokera mkati, kiyi wake azikhala pamalo podziwika ndi aliyense mnyumba, moto ukabuka pakhomo muzikhala ndi potulukira.

Koma pepala la 4 mil lija ndikufuna mulilingalire pa chifukwa china, ana anuwo. Galasi wamba likasweka limapanga zidutswa zazitali zosongoka, ndipo mwana wothamanga mnyumba akagunda ndi dzanja kapena mutu mabala ake amakhala oopsa, a masitichi. Ngati muli ndi chitseko chagalasi, kapena windo la pabalaza lotsika kufika msinkhu wa mwana, kapena lomwe layang'ana pabwalo pomwe amaseweretsa mpira, amenewo matani pepala loyera la 4 mil. Pa ndalama yonse yomwe mukanapatsa mnyamata uja, imeneyi ndi yomwe ine ndingaitulutse mosawinyawinya. Silidetsa nyumba, dzuwa la Juni lizilowabe, ndipo UV likutchingiranso.

Ma louvre a kukhitchini asiyeni mmene alili. Magalasi ake amakhulana ndi tizitsulo potsegula ndi potseka, m'mphepete monse muli pamtunda, nthunzi ndi mafuta zimalowa pansi pa pepala nkuyamba kumatuka. Kubafa ngati anthu amaona mkati gulani magalasi a louvre a obscure, okhakhala aja, nkusinthitsa, ndi zotchipa ndipo mwathana nazo mpaka kalekale. Dziwaninso kuti pepala silimata mbali yokhakhala ya galasi, limafuna posalala.

Mukapeza woti akumatireni, kaya ndi mnyamata yemweyo bola abwere ndi katundu woyenera nyumba, muzikhalapo pomwe akugwira ntchito chifukwa ntchito imeneyi imaonongekera pa ukhondo. Nyumba yatsopano magalasi amakhala ndi timadontho ta penti ndi simenti, tonseto apale ndi lezala latsopano galasi lili lonyowa, atsuke kawiri, apukutenso felemu chifukwa fumbi la mu ngodya ndi lomwe limatsetserekera pansi pa pepala. Kamchenga kamodzi kokha kakatsalira kamatukula pepala nkupanga kathuza koyera komwe sikadzachokanso, ndipo diso lanu lizingofikira pomwepo tsiku lililonse. Asagwire tsiku la mphepo ya fumbi ngati ya mu Ogasiti mawindo ali pululu, komanso asamate galasi likutentha ndi dzuwa. Madzi opopera akhale oyera, osefa bwino ngati ndi a pa mjigo, muli timadontho tochepa ta shampu ya ana kapena sopo wamadzi wotsukira mbale, osati sopo waufa wochapira. Amapopera galasi, kusenda kapepala koteteza guluu, kupoperanso guluuyo, kuyala, kenako kukankha madzi ndi chopalira cha labala kuyambira pakati kupita m'mphepete. Podula asiye kampata ka milimita imodzi kapena awiri kuzungulira, pepala likakwera pa felemu limayambira pomwepo kumatuka. Ngati magalasi angoikidwa kumene dikirani putty ayambe walimba, apo ayi pokankha galasi lizisuntha.

Akamaliza musadabwe kuona ngati muli kautsi kapena timatuza ta madzi, ndi madzi otsalira ndipo amauma okha kudzera mu pepala momwemo. Kotentha zimatenga masabata awiri atatu, kwanu kozizirako mwezi kapena kupitirira, makamaka pepala lokhuthala la chitetezo, nchifukwa chake ntchitoyi ndi bwino kuigwira mu Seputembala kapena Okutobala kusiyana ndi mu Juni. Musaboole matuzawo ndi singano, ana muwaletse kukanda ndi zikhadabo, ndipo osatsuka mpaka patatha masiku 30. Pambuyo pake kansalu kofewa ndi madzi a sopo pang'ono basi. Sitiliwulu, phulusa, Vim, nyuzi youma, mankhwala otsukira magalasi okhala ndi ammonia, zonsezi zimakala kapena kuononga pepala, wothandiza ntchito zapakhomo mumuuziretu.

Pa mtengo muuzeni akuwerengereni pa sikweya mita, osati kungoti nyumba yonse mwakuti, ndipo muyeze nokha magalasi ndi tepi kuti mudziwe mamita anu. Mpukutu wa tinti nthawi zambiri umakhala wa mita 1.52 mulifupi, nde pa timagalasi tating'ono ngati tanu zotsalira sizichuluka akadula mwanzeru. Aonetseni bokosi lomwe mpukutu wachokera, muone dzina la kampani, VLT, TSER ndi ma mil, ndipo zomwe mwagwirizana zilembedwe pa risiti kuphatikizapo kuti pepala likamatuka kapena kusanduka pepo abwera kudzasintha. Katundu wabwino wa nyumba mwina mukamupeza ku Lilongwe kwa ogulitsa magalasi ndi aluminiyamu, ulendo wa pa M1 si wautali, ndipo pepala labwino lomatidwa mkati limatha zaka 10 kapena kuposa pomwe wotchipa uja mudzakhala mukupala ndi lezala pasanapite nthawi.

Muyambe ndi windo limodzi la kumsewu, amate frosted mizere yapansi, mukhale nalo sabata imodzi, mulione mmawa, masana, komanso mutuluke usiku babu ili yoyaka mukaime pamsewu pomwe anthu amadutsa. Mukakhutira nde apitirize enawo pamodzi ndi la 4 mil pa magalasi otsika. Lakumadzulo lidikireni Okutobala adutse muone ngati likuvutadi, nthawi zina katani lokhuthala kapena kamtengo kobzala mbali imeneyo zimakwana. Mukafuna munditumizire zithunzi za mbali zonse zinayi za nyumba, mundiuze mbali yomwe dzuwa limalowera ndi makulidwe a galasi, ndikuuzani windo ndi windo choti muike.